Mavidiyo a agogo ankafika osaoneka bwino

Ine ndi msuweni wanga wa ku Ulongwe, ku Mozambique, tikupanga kafilimu ka mbiri ya agogo athu, iye amajambula abale a uko ine a kuno ku Ntcheu. Vuto linali loti akanditumizira mavidiyo pa WhatsApp nkhope ya agogo sinkaoneka bwino olo pang'ono, mtima unkandipweteka poti akalamba, sitingamawavutitse kubwereza nkhani. Kenako ndinazindikira kuti WhatsApp imafinya vidiyo, koma ukatumiza ngati document imafika mmene inajambulidwira. Kungoti bandulo inkatha msanga. Ndiye mavidiyo aataliatali timangokumana pa Lizulu, paja msewu wa M1 ndi malire omwewo, amandipatsa memory card ine nkumupatsa ina yopanda kanthu, ndikafika kunyumba nkukopera mu laputopu usiku womwewo.