Chenjerani pokwera makombi ku Harare, ndipo samalani pojambula anthu

Pa malo okwerera makombi (maminibasi) a Copacabana, Market Square ndi Mbare Musika, akuba ambiri amabera pakhomo la kombi, anthu akamakankhana. Wina amatseka njira ngati wagwetsa ndalama, mnzake kumbuyo akupisa m'thumba mwanu. Chikwama chizikhala kutsogolo, ndipo ndalama yolipira muitulutsiretu musanafike pamzere.

Mushikashika, kutanthauza timagalimoto tonyamula anthu popanda chilolezo, ndiye woopsa kwambiri, makamaka madzulo. Mukapeza kaHonda Fit muli kale anthu atatu, kwatsala malo amodzi okha, mwina onsewo ndi gulu limodzi. Amakuuzani kuti chitseko sichinatsekeke bwino, muchikokenso. Manja anu ali pachitseko, foni yapita, kenako akukutsitsani ati galimoto yawonongeka. Musanakwere, jambulani nambala ya galimoto n'kutumizira m'bale wanu pa WhatsApp. Dalaivala akakwiya nazo, msiyeni apite.

Kujambula nkhope ya munthu amene mukumukayikira ndi nkhani ina. Kutulutsa foni pakati pa chikhamu n'kuiperekera kwa wakuba yemweyo. Komanso chithunzi choponyedwa pagulu la WhatsApp ndi mawu oti "mbava" chingamenyetse munthu wosalakwa mawa lake, inunso n'kuimbidwa mlandu woipitsa mbiri, kapena wofalitsa zabodza pansi pa lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021. Ngati mwajambula, chithunzicho kachiperekeni kupolisi, monga ku Harare Central, pamodzi ndi nthawi, malo ndi nambala ya galimoto. Ana ndi amayi ogulitsa malonda m'mphepete mwa msewu musawajambule musanapemphe.