Mmene ndinakonzera mahedifoni omveka khutu limodzi pa kompyuta

Mahedifoni anga ankamveka kumanzere kokha ndikawalumikiza kutsogolo kwa kompyuta ya pa desiki. Nditawayesa pa foni, mbali zonse ziwiri zinamveka bwino, choncho vuto silinali waya wake. Mu Windows ndinatsegula makonzedwe a Sound n'kuona gawo la Balance, lomwe limagawa mphamvu ya mawu pakati pa kumanzere (Left) ndi kumanja (Right), chifukwa nthawi zina mbali imodzi imakhala itatsitsidwa mpaka pa 0, koma Left ndi Right zinali pa mlingo wofanana.

Chimene chinaulula vutolo chinali kulowetsa pulagi ya mahedifoni ya mamilimita 3.5 m'bowo lobiriwira la kumbuyo kwa kompyuta, lomwe lili pa motherboard penipeni (bolodi lalikulu la mkati pomwe zipangizo zonse za kompyuta zimalumikizidwa), ndipo kumeneko mawu anatuluka mbali zonse. Mabowo a kutsogolo amadalira kachingwe kodutsa mkati mwa bokosi kupita pa timapini ta pa motherboard tolembedwa HD AUDIO kapena AAFP, ndipo kachingweka kamakhwepa mosavuta kuposa mmene anthu ambiri amaganizira. Ndinazimitsa kompyuta, n'kuzula pulagi ya magetsi kukhoma, ndipo nditatsegula bokosilo ndinapeza kachingweko katapendekeka, mbali imodzi itatuluka pang'ono. Timapiniti tilipo 9 ndipo malo a pini imodzi ndi otseka, kotero kamalowa njira imodzi yokha. Ndinakakanikiza mpaka kanakhazikika, ndipo khutu lakumanja linayambanso kumveka pa bowo la kutsogolo.