TV yatsopano ikuduladula zithunzi? Onani izi musanaibweze kushopu

Mu Disembala ndinagula TV yatsopano ya mainchesi 43 ku Limbe kuti ana azionera pa tchuthi. Nditafika nayo kunyumba ku Chilobwe ndinailumikiza ku eriyo yomwe ija tinkaonera pa TV yakale. Zithunzi zinkabwera bwinobwino kwa mphindi imodzi, kenako nkhope ya wowerenga nkhani n'kusweka kukhala timabokosi, mawu n'kumadukaduka, mapeto ake "No Signal". Kwa masiku atatu ndinali wotsimikiza kuti andigulitsa chinthu chakufa. TV inalibe vuto lililonse. Ndalemba izi kuti inu musataye masiku ndi ndalama za minibasi ngati mmene ndinatayira ine.

Choyamba: TV yanuyo imamva chilankhulo chathu?

Masiku a mpunga pa sikirini anapita. Mayiko a kuno anagwirizana zoti pofika pa 17 Juni 2015 akhale atasamukira ku kanema wa dijito, ndipo njira yomwe Malawi imagwiritsa ntchito imatchedwa DVB-T2. Tembenuzani TV, werengani kapepala komata kumbuyo kapena kabuku kake. Ngati palibe polembedwa DVB-T2, eriyo ngakhale muikweze pamwamba pa mtengo wa bulugamu simuona MBC, Times kapena Zodiak. TV zakaunjika zochokera ku Japan zimagwira njira ya ISDB-T, za ku America ATSC, ndipo zakale zambiri za ku Britain zimathera pa DVB-T yopanda 2 uja. Mawu oti "Smart TV" asakupusitseni, amenewo akunena za intaneti, osati za eriyo.

Ngati yanu ili choncho simunaluze. Mukungofunika dikoda, kaya Kiliye Kiliye ya Malawi Digital Broadcasting Network Limited kaya GOtv, ndipo muilumikize ndi waya wa HDMI. Timawaya titatu tija, tachikasu, toyera ndi tofiira, timaononga chithunzi pa sikirini yaikulu. Komanso chenjerani ndi ogulitsa ena amene amamata okha timapepala ta DVB-T2 pakatoni. Auzeni aiyatse m'shopu momwemo, muone ndi maso anu kuti ikugwira matchanelo a kuno popanda dikoda, ndipo lisiti musaisiye.

Chachiwiri: sakani matchanelo moyenera

Pa rimoti dinani Source, sankhani DTV kapena TV, osati ATV. Mukalowa posaka matchanelo ikakufunsani, sankhani Air kapena Antenna. Ambiri amasankha Cable poganiza kuti akunena waya wa eriyo, ndiye TV imasaka mpaka kumapeto osapeza kanthu. Pa mndandanda wa mayiko dzina la Malawi nthawi zambiri silipezeka. Sankhani Others, kapena dziko lina la kuno kumwera kwa Africa. Tchanelo ikabwera koma n'kulemba kuti "Scrambled", dziwani kuti eriyo yagwira ntchito yake, tchaneloyo ndi yokhoma ndipo imafuna dikoda yake.

Chachitatu: siyani kuyang'ana chithunzi, yang'anani timizere tiwiri

Mu menyu muli malo olembedwa Signal Information kapena Manual Tuning. Pamenepo pali timizere tiwiri: Strength, kutanthauza mphamvu ya siginolo, ndi Quality, kutanthauza kuyera kwake. Kanema wa dijito alibe pakati. Kale chithunzi chinkachita mpunga koma mpira n'kumaoneka ndithu. Lero chimakhala chowala kapena kusoweratu, ndiye maso sangakuuzeni ngati mukuyandikira kapena mukutalikira. Kamzere ka Quality ndi kamene kakuuzeni. Kwanga Strength inali pamwamba ndithu, koma Quality inkangodumphadumpha, kukwera n'kugwa mpaka ziro. Ndikanadziwa tanthauzo lake tsiku loyamba lomwelo, bwenzi nditathana nazo madzulo amodzi.

Chachinayi: mutu wa waya

Apa ndi pamene ndinagwa, ndiye ndifotokoza mofatsa.

Waya wa eriyo uli ndi magawo anayi. Pakati penipeni pali kawaya kolimba kamkuwa. Kamenekako kakutidwa ndi pulasitiki yoyera, pamwamba pake pali kapepala konyezimira ndi timawaya tating'onoting'ono tolukana ngati mkeka, ndiye kunja kwenikweni chikopa chakuda kapena choyera. Kapakatiko ndi kamene kamanyamula siginolo. Tolukanato ntchito yake ndi kutchinga phokoso la magetsi lochokera kunja. Ziwirizi siziyenera kukhudzana ngakhale pang'ono.

TV yakale inali ndi mutu wake, kaja ka kunsonga kwa waya kolowetsa kumbuyo kwa TV, womwe unadzimbirira, ndiye pogula yatsopano ndinagulanso mutu wina pa benchi ya venda, ndinasenda waya ndi lezala mothamanga magetsi asanazime, n'kumanga. Pa timawaya tolukana tija, kamodzi kokha, kopyapyala ngati tsitsi, kanapindikira mkati n'kukagona pa kawaya kapakati. Kunja mutuwo unkaoneka waukhondo. Mwana akadutsa pafupi ndi kabati, kapena chitseko chikamenyetseka, katsitsiko kankakhudza, chithunzi n'kuthawa. Ine ndinakwera padenga kanayi kukazunguza eriyo. Ndinagula busta, kachipangizo kokweza mphamvu ya siginolo. Ndinanyamula TV pamiyendo mu minibasi kubwerera nayo ku Limbe, anaiyatsa pamaso panga ndipo inaonetsa bwinobwino. Tsiku lachitatu mnyamata wina woyandikana nafe amene amakonza mawayilesi anangomasula mutu uja, kuuyang'anitsitsa pa dzuwa, n'kundionetsa katsitsiko ndi nsonga ya singano.

Mangani chonchi. Dulani nsonga yakale yonse, muyambe pamalo atsopano. Sendani chikopa chakunja pafupifupi sentimita imodzi ndi theka, mozungulira ndi mopepuka kuti lezala isadule tolukana tija. Pindirani tolukanato kumbuyo, pamwamba pa chikopa, tonse, ndipo muwerenge ndi chala kuti palibe kotsalira kutsogolo. Kenako sendani pulasitiki yoyera kusiya kawaya kapakati kotalika pang'ono kuchepera sentimita imodzi, koma musiye kamkombero koyera pakati pa kawayako ndi tolukana. Kamkomberoko ndiye mpanda. Musakande kawaya kapakati ndi lezala chifukwa kamadzathyokera pomwepo. Mukamanga mutu, uyang'aneni mkati pa kuwala musanaulowetse ku TV, kenako ugwedezeni pang'ono uku mukuyang'ana kamzere ka Quality. Kakasuntha, masulani muyambirenso.

Mitu ilipo mitundu iwiri, wopotokola ngati nati umene umapezeka kwambiri pa madikoda a dishi ndi pa eriyo, ndi wongolowetsa umene umalowa kumbuyo kwa TV zambiri. Onani kaye kumbuyo kwa TV yanu musanapite kukagula. Tengani yachitsulo, ndipo mutenge iwiri kapena itatu poti ndi yotchipa. Yapulasitiki ija imamasuka yokha.

Wayawo ufunseni ndi dzina lake, RG6. Pamsika pali wina wopyapyala wotsika mtengo kwambiri amene mukamusenda mumapeza timawaya tolukana towerengeka ndi zala. Ameneyo ndi kutaya ndalama. Muuzeni wogulitsa asende kansonga muone musanalipire, akakana pitani pena. Gulani wautali wokwanira kuchoka padenga mpaka pa TV popanda kulumikiza pakati. Zopotokola mawaya awiri n'kukulunga ndi pepala la shuga zimagwira ntchito pa wayilesi, pa dijito ayi. Ndipo mutu wa kumtunda, wa pa eriyo, muukulunge bwino ndi tepi yakuda ya magetsi, chifukwa mvula ikalowa mmenemo madzi amatsika mkati mwa waya ngati mu paipi mpaka kudzadzimbiritsa kumbuyo kwa TV. Waya asanalowe m'nyumba mupindeni pang'ono chotsika kuti madzi azidonthera panja.

Chachisanu: eriyo

Ngati nyumba yanu ndi yamalata, ka eriyo koika pamwamba pa kabati kaiwaleni, malata amatchinga siginolo. Ikani yapanja pa paipi kapena nsungwi yolimba, ipitirire denga. Kolozera musavutike nako: yang'anani ma eriyo a anzanu amene akuonera bwino, mulozetse komweko, ndipo muonenso ngati tizitsulo take tagona kapena taimirira, muchite chimodzimodzi. Kuno ku Blantyre mapiri a Soche, Ndirande ndi Michiru amapangitsa kuti nyumba ziwiri zoyandikana zisiyane, ndiye nthawi zina kusuntha mlongoti mamita awiri kumathandiza kuposa kuukweza. Muzikhala awiri, wina padenga wina pa sikirini, mukulankhulana pafoni. Zunguzani pang'ono, imani masekondi asanu, funsani Quality. Mukapeza pabwino mangani zolimba, mphepo ya Chiperoni imazunguza eriyo yomangidwa ndi chingwe chamabulaki. Mlongoti utalikirane ndi mawaya a magetsi, moti ngakhale utagwa usawafikire. Izi musazitenge mwachibwana, anthu amafa nazo.

Zotsala

Busta ndi yothandiza ngati muli kutali kapena waya ndi wautali kwambiri, koma imakweza siginolo pamodzi ndi zinyalala zake, ndipo pafupi ndi mlongoti wa wayilesi imatha kuononga chithunzi chomwe chinali bwino. Yanga ili m'dirowa. Ngati eriyo yanu ili ndi busta yamkati, yatsani Antenna Power mu menyu ya dikoda, ngati ilibe zimitsani. Kugawa eriyo imodzi ku TV ziwiri kumadula mphamvu ndi theka. Chithunzi chikamaduka madzulo okha, zulani matchaja otchipa a foni, zimitsani mababu a LED amodzi amodzi, ndipo inveta ya sola muisunthire kutali ndi waya wa eriyo. Mabingu akayamba zulani waya wa eriyo ndi pulagi yomwe.

Zonsezi zikakanika, nyamulani TV mukailumikize kwa mnzanu amene ikuonetsa bwino. Ikakana kumenekonso, tengani lisiti ija mubwerere kushopu.