Momwe Mungachitire Mukangolowa Kumene mu Kalabu ya Gofu

Gofu imasiyana ndi mpira wamiyendo pa mfundo imodzi yaikulu, yakuti pabwalo sipakhala woyimbira woti aziona chilichonse. Osewera atatu kapena anayi amayenda okha kwa maola pafupifupi 4 kuti amalize maenje 18, ndipo aliyense amawerenga yekha mashoti ake ndi kudzipatsa yekha chilango akaphwanya lamulo. N'chifukwa chake kalabu ya gofu, kaya ndi Lilongwe Golf Club, Blantyre Sports Club, Limbe Country Club kapena ina iliyonse, imayang'ana khalidwe la membala watsopano kuposa luso lake. Munthu amene sanadziwebe kumenya mpira bwino anzake amamupirira, koma wochedwetsa ena, wowononga udzu kapena wonama pa khadi lolembapo mashoti sachedwa kusowa wosewera naye.

Choyamba muyenera kudziwa kuti malamulo alipo a mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi malamulo a masewerowo, amene amalembedwa ndi bungwe la R&A la ku St Andrews, ku Scotland, mogwirizana ndi la USGA la ku America. Malamulo oyambirira analembedwa mu 1744 ku Leith ndipo analipo 13 okha. Lero alipo 25, ndipo anasinthidwa kwambiri mu 2019, moti zina zimene mungamve kwa osewera akale sizigwiranso ntchito. Mtundu wachiwiri ndi malamulo a kalabu yanuyo, okhudza ndalama za umembala, alendo, kavalidwe ndi malo ena apadera a pabwalo. Pitani ku ofesi mukapemphe malamulowa, muwerengenso zimene zalembedwa kuseri kwa khadi ndi pa bolodi la zidziwitso, chifukwa m'menemo ndi mmene amafotokoza malire a bwalo ndi malo amene akukonzedwa.

Za kavalidwe sizifuna mawu ambiri. Makalabu ambiri amafuna malaya a kolala, buluku kapena kabudula wosokedwa bwino, ndi nsapato za gofu kapena zina zosakumba udzu. Jinzi, malaya a timu ya mpira ndi masilipasi zisiyeni kunyumba. Chipewa n'chofunika padzuwa, koma chivuleni mukalowa m'nyumba ya kalabu.

Kenako lembetsani nthawi yoyambira, ndipo mukalembetsa muisunge. Pano chizolowezi chathu chofika pamsonkhano ola litadutsa sichigwira, popeza magulu amanyamuka motsatana pakangopita mphindi zowerengeka, ndipo gulu limodzi likachedwa onse a m'mbuyo amachedwa mpaka dzuwa kulowa. Pa mpikisano wowerenga mashoti lamulo ndi lolimba: mukafika mochedwa koma zisanapitirire mphindi 5, mumalandira chilango cha mashoti awiri owonjezera pa dzenje loyamba, ndipo mukapitirira pamenepo mumachotsedwa mu mpikisanowo. Fikani kutatsala theka la ola, mulembetse dzina, mulipire zofunika, mutenge khadi. Musananyamuke werengani ndodo za m'chikwama chanu, chifukwa siziyenera kupitirira 14, ndipo mpira wanu muuike chizindikiro ndi cholembera, monga timadontho tiwiri pafupi ndi nambala, kuti musadzamenye wa mnzanu mukapeza mipira iwiri yofanana m'tchire.

Nkhani ya caddie, amene amakunyamulirani chikwama, ndi imene mamembala atsopano amaiphonya kawirikawiri. Funsani ku ofesi mtengo umene kalabu inakhazikitsa, mugwirizane musanayambe, ndipo pomaliza mulipire osachita kukumbutsidwa. Mufunseni dzina lake ndipo muzimuitana ndi dzinalo mwaulemu. Ngati ndi wamkulu kwa inu, "bambo" kapena "achimwene" ndi mawu oyenera, osati "iwe". Ambiri mwa anthuwa ayenda pabwalolo kwa zaka zambiri, amadziwa kumene green iliyonse (malo a udzu wosalala ozungulira dzenje) imapendekera, ndipo ena amasewera bwino kuposa amene akuwanyamulira. Mukafika pakati pa masewero, pamene gulu limapuma pang'ono, ndi ulemu kumuganizira pa chakumwa kapena chakudya. Komanso dziwani kuti pamaso pa malamulo, cholakwa cha caddie wanu ndi chanu. Mu 2001, pa mpikisano wa The Open ku Royal Lytham, Ian Woosnam anali m'gulu la otsogola pa tsiku lomaliza pamene zinadziwika kuti m'chikwama mwake munali ndodo 15, ndipo chilango cha mashoti awiri chinagwera iye, ngakhale kuti chikwamacho sananyamule ndi iye. Pa mpikisano, uphungu wa ndodo yoti mugwiritse ntchito mungaufunse kwa caddie wanu kapena mnzanu wa timu imodzi basi. Kufunsa wopikisana naye kuti wamenya ndi ndodo iti n'kulakwa. Ndipo mpira ukalowa m'madzi, musamukalipire munthu amene ntchito yake inali kunyamula chikwama.

Pa tee yoyamba, malo amene mumamenyera shoti yoyamba ya dzenje, perekani moni kwa aliyense, mutchule dzina lanu ndi handicap yanu (nambala yosonyeza luso lanu), muuzenso anzanu mtundu ndi chizindikiro cha mpira wanu. Foni ikhale yosalira. Wina akaima kuti amenye, zonse zimaima: kulankhula, kuyenda, kutsekula zipi ya chikwama, ngakhale kugwedeza makiyi m'thumba. Imani chapatali moyang'anana naye, osati kumbuyo kwa mpira kumene angakuoneni ndi ngodya ya diso, ndiponso osati kutsogolo kwake. Ikafika nthawi yanu, ikani mpira pakati pa zizindikiro ziwiri za tee kapena kumbuyo kwake, osapitirira kutalika kwa ndodo ziwiri, koma osati kutsogolo kwa zizindikirozo. Musamenye gulu lakutsogolo lisanatalikire, ndipo onetsetsani kuti ogwira ntchito yotchetcha kapena kuthirira akuonani. Mpira wa gofu ndi wolimba ndipo ukhoza kuvulaza munthu koopsa, choncho ukalowera kumene kuli anthu fuulani kuti "Fore!" ndi mawu onse, osachita manyazi. Mukamva wina akufuula chomwecho, weramani ndi kuphimba mutu ndi manja m'malo motembenuka kuti muone kumene mpirawo ukuchokera.

Chimene chimakwiyitsa mamembala kuposa china chilichonse ndi kuchedwa pabwalo, ndipo apa ndi pamene woyamba kumene angapezere ulemu ngakhale akumenya mashoti ambirimbiri. Malamulo amalimbikitsa kuti shoti iliyonse isatenge masekondi oposa 40, ndipo kawirikawiri iyenera kutenga ochepera pamenepo. Poyenda kupita pa mpira wanu muziganiziratu ndodo imene mutenge, kuti mukafika muyeseze kamodzi n'kumenya. Kale ankati amene mpira wake uli kutali kwambiri ndi dzenje ndiye ayambe, ndipo mwambowu ulipobe, koma pa masewero owerenga mashoti malamulo a masiku ano amalola kuti amene wakonzeka amenye, malinga ngati palibe amene angavulale. Muyeso wake ndi gulu limene lili kutsogolo kwanu: ngati pakati pa inu ndi iwo pali dzenje lathunthu lopanda munthu, pamene akumbuyo aima manja m'chiuno kukudikirani, ndiye kuti vuto ndi gulu lanu. Imani pambali, muwakodole kuti adutse, ndipo musayambenso mpaka atatalikira. Kudutsitsa ena si chinthu chochititsa manyazi.

Mpira ukasochera muli ndi mphindi 3 zokha zoufunafuna. Kale zinali 5, ndipo ena amaiwalabe kuti zinasintha. Mukakayikira kuti mpira walowa m'tchire lowirira kapena watuluka m'malire, menyani wina wongoyembekezera musanachoke pamalopo, koma muyenera kunena momveka kuti ndi "provisional", apo ayi mpira wachiwiriwo ndi umene uwerengedwe limodzi ndi chilango chake. Zimenezi zimakupulumutsani ku ulendo wobwerera m'mbuyo gulu lina likukuyang'anani. Ngati mukusewera mpikisano wa Stableford, umene amawerenga mapointi, ndipo mwaona kuti pa dzenjelo simupezanso pointi, tolani mpira wanu mupite kutsogolo.

Lamulo lalikulu la masewerowa ndi lakuti mpira umenyedwe pamene wagona. Musausunthe ndi phazi, musathyole nthambi yokutchingani, ndipo musapondereze udzu kumbuyo kwake. Pamene malamulo akulolani kuuchotsa, monga pamalo amene akukonzedwa kapena pamene madzi a mvula adikha, ugwetseni kuchokera pa msinkhu wa bondo. Mumaloledwanso kuusuntha popanda chilango ngati wagwera pafupi ndi chinthu choopsa monga njoka yaululu kapena njuchi. M'nyengo ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, choopsa chachikulu ndi mphenzi: aliyense ali ndi ufulu wosiya kusewera akaona kuti pali ngozi ya mphenzi, ndipo kulira kumodzi kotalika kwa belu kapena lipenga la kalabu kumatanthauza kuti aliyense asiye pomwepo. Musabisale pansi pa mtengo, ndipo ndodo zachitsulo zisakhale m'manja.

Bwalo la gofu lili ngati munda wolima pamodzi, woti aliyense amakonza pamene wadutsa. Ndodo yanu ikazula chigamba cha udzu, chibwezereni pamalo pake n'kupondapo, kapena thirani mchenga ngati ndi mmene kalabu yanu imachitira. Mu bunker, malo okumbika odzaza mchenga, lowerani mbali yotsika, musakhudzitse ndodo pamchenga kutsogolo kapena kumbuyo kwa mpira musanamenye, ndipo potuluka salazani mapazi anu onse ndi reki. Pa green, mpira wochokera m'mwamba umasiya kadzenje. Tengani kachitsulo ka mano awiri, mukankhire udzu wa m'mbali chapakati, kenako musalaze ndi putter, ndodo yogudubuzira mpira pa green. Musatukule dothi kuchokera pansi, chifukwa kutero kumadula mizu ndipo pamalopo pamauma. Kadzenje kokonzedwa nthawi yomweyo kamachira msanga, pamene kosiyidwa kamakhala chipsera kwa masabata, makamaka m'chilimwe pamene madzi othirira ndi ovuta. Mukaona kena kamene wina wasiya, konzaninso.

Pa green pomwepo pali ulemu wina wosaoneka ndi maso a mlendo. Pakati pa mpira wa mnzanu ndi dzenje pali njira imene mpirawo udutse, ndipo njirayo simuyenera kuiponda, zungulirani. Chithunzithunzi chanu chisagwere pa njirayo kapena pa dzenje, makamaka madzulo pamene chimatalika. Ngati mpira wanu ukutchinga, ikani kandalama kumbuyo kwake musanautole, ndipo muubwezere pamalo enieniwo. Mbendera mukhoza kuisiya m'dzenje pomenya, chifukwa kuyambira 2019 palibe chilango mpira ukaigunda, koma mukaichotsa muigoneke pang'onopang'ono. Chikwama chisakwere pa green. Chisiyeni mbali imene mutulukire popita ku tee yotsatira. Womaliza akangolowetsa mpira, bwezerani mbendera ndi kuchokapo, mashoti mukalembere kutsogolo.

Pa mpikisano mumasinthana makhadi: inu mumalemba mashoti a mnzanu, iye amalemba anu. Pa dzenje lililonse tchulani nambala yanu momveka, kuphatikizapo zilango, ndi shoti imene munafuna kumenya koma n'kuphonya mpira, chifukwa nayonso imawerengedwa. Pomaliza yang'anani dzenje ndi dzenje musanasaine. Mukasainira nambala yochepa kuposa imene munamenya pa dzenje lina mumachotsedwa mu mpikisano, ndipo mukasainira yochuluka imakhala yomweyo. Mu 1968, pa mpikisano wa Masters, Roberto De Vicenzo wa ku Argentina anamenya 3 pa dzenje la 17 koma womulembera analemba 4. Iye anasaina osaona, ndipo shoti imodziyo inamumanitsa mwayi wolimbirana chikho ndi Bob Goalby.

Makhadi omwewo ndi amene amapanga handicap yanu, nambala imene imachititsa kuti wodziwa ndi wophunzira apikisane mofanana. Pa dongosolo la World Handicap System, limene linayamba mu 2020, amatenga zotsatira 8 zabwino kwambiri mwa 20 zomaliza, ndipo handicap yapamwamba ndi 54. Perekani makhadi onse oyenera, abwino ndi oipa omwe. Amene amabisa makhadi abwino kuti handicap yake ikhale yokwera n'kumapata mphoto amadziwika, ndipo mbiri yotere siichoka msanga pa kalabu.

Mukamaliza dzenje lomaliza vulani chipewa, mugwirane chanza ndi onse amene mwasewera nawo, muthokozenso ma caddie. Sasani matope ku nsapato musanalowe m'nyumba ya kalabu. Ngati unali mpikisano, khalani mpaka mphoto zitaperekedwa ngakhale simunapate kanthu, popeza makampani amene amathandiza mipikisano amayang'ana ngati mamembala akhalapo, ndipo pamene kaputeni akulankhula macheza a pa bala amayamba aima. Mukabwera ndi mlendo mulembetseni m'buku, mumufotokozere za kavalidwe asanafike, ndipo dziwani kuti khalidwe lake ndi ngongole zake zili pamutu panu. Ngati pali chimene sichinakusangalatseni, kaya ndi udzu wosatchetcha, chakudya kapena khalidwe la membala wina, musakalipire woperekera zakumwa kapena wogwira ntchito pabwalo. Lembani kalata kwa kaputeni kapena mlembi wa kalabu, ndipo komiti idzaikambirana pa msonkhano wake.