Musanagoneke nkhope yanu pansi pa makina otsuka khungu

Akamaliza kukutsukani nkhope ndi makina, akukiliniki amakonda kukuonetsani kabotolo ka madzi ooneka ngati otsukira mbale, n'kukuuzani kuti litsiro lonseli lachoka pankhope panu. Munthu amagwira pakamwa, kenako n'kutuluka akumwetulira, nkhope ili nyezinyezi. Musatengeke nako kabotoloko. Madzi ambiri amene ali mmenemo ndi mankhwala omwewo amene makina amathira pakhungu kenako n'kuyamwanso. Chimene chachokadi pankhope panu n'chochepa, koma muyenera kuchidziwa bwino, chifukwa mavuto onse amene ndilongosole pano amayambira pomwepo.

Chithandizo chimenechi ambiri amachidziwa ndi dzina lakuti HydraFacial, lomwe kwenikweni ndi dzina la makina a kampani ina ya ku America, ngakhale kuti masiku ano pali makina ambirimbiri ongotengera. Madokotala a khungu amati hydradermabrasion. Chimatenga mphindi pafupifupi 30. Wogwira ntchitoyo amayendetsa pankhope kachipangizo kooneka ngati cholembera chonenepa. Kansonga kake kamapala khungu pang'onopang'ono, kamayamwa mafuta otseka timabowo ta khungu, kwinaku kakuthira mankhwala amadzimadzi. Mankhwala oyambirira amakhala ndi asidi wopala, makamaka glycolic acid ndi salicylic acid. Omalizira amakhala ndi hyaluronic acid, yemwe ntchito yake ndi kusunga madzi. Womalizayu musamuope chifukwa cha dzina, pakuti thupi lanu lomwe limamupanga. Anamutulukira mu 1934 a Karl Meyer ndi a John Palmer m'madzi a m'diso la ng'ombe. Akapakidwa pamwamba pa khungu amagwira chinyontho, timakwinya ting'onoting'ono n'kuoneka ngati tafafanizika. Kuwalako n'kwa masiku angapo basi, ndipo aliyense wokuuzani kuti ulendo umodzi uchotsa zipsera zakale kapena makwinya ozama akungofuna ndalama zanu.

Tsono timvetsetse chimene chimapalidwacho. Pamwamba penipeni pa khungu pali kachikopa kopyapyala kuposa tsitsi limodzi, kopangidwa ndi maselo akufa osanjikizana kakhumi ndi kasanu kapena kuposerapo pang'ono. Ndi akufa inde, koma ali pantchito. Ndiwo amatchinga madzi kuti asamathawe m'thupi, ndiwonso amatsekereza majeremusi ndi zinthu zowotcha kuti zisalowe. Asidi amamasula chomatira chogwirizanitsa maselowo, makina n'kukokolola ena mwa iwo. Nkhope imasalala chifukwa denga lake lapepuka. Walira mvula walira matope: denga likapepuka, dzuwa, sopo ndi chilichonse chimene mungadzole chimalowa mosavuta kuposa mmene chinkalowera dzulo.

Kwa munthu wa khungu labwinobwino, zotsatira zake sizikhala zoopsa. Nkhope imatentha pang'ono ndi kufiira kwa maola ochepa, imamveka yokungika, ndipo ena imawatuwa kapena kufunduka tizikhungu kwa masiku awiri kapena atatu. Ena amatuluka tiziphuphu tochepa sabata yoyamba. Makina akayamwa mwamphamvu kapena kukhalitsa malo amodzi amasiya timadontho ta magazi oundana pansi pa khungu, kawirikawiri m'munsi mwa maso ndi m'masaya, ndipo izi zimachuluka kwa omwe amamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin ndi aspirin. Zonsezi zimatha zokha.

Pali chinthu chimodzi chimene mabuku ambiri a za khungu amachidumpha. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka kofiira. Malo opsawo amangoderako, kapena amaoneka ofiirira mobisika moti wogwira makina, maka ngati anaphunzirira pa zithunzi za anthu oyera okhaokha, amapitiriza osadziwa kuti wapyola malire. Choncho pakamwa panu ndiye chenjezo lake. Kunyerenyetsa pang'ono n'koyembekezeka. Mukamva kuwotcha ngati mwathiridwa madzi otentha, nenani nthawi yomweyo kuti asiye ndipo atsuke. Musapirire poganiza kuti kuwawa ndiye umboni wakuti mankhwala akugwira ntchito.

Ndikulimbikira pamenepa chifukwa cha mawanga akuda. Khungu likapsa kapena kutupa, maselo opanga melanin, chomwe chimapatsa khungu mtundu wake, amadzidzimuka n'kupanga wochuluka pamalo opsawo. Mawangawo satuluka tsiku lomwelo. Amabwera patapita masiku kapena masabata, munthu ataiwala kale zakukiliniki, ndipo kuti azimirire pamatenga miyezi, nthawi zina kupitirira chaka. Madokotala amagawa makungu m'magulu asanu ndi limodzi potsatira muyezo umene anakonza dokotala Thomas Fitzpatrick wa ku Harvard mu 1975, ndipo a magulu 4 mpaka 6, omwe ndi oderako mpaka akuda kwambiri, ndiwo vutoli limawagwera kwambiri. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri amapita kukiliniki kuti akachotse mawanga omwewa. Kunena chilungamo, poyerekeza ndi laser (makina owotcha khungu ndi kuwala) kapena kusupula khungu ndi asidi wamphamvu, njira iyi ndi yofatsa ndipo anthu a mtundu uliwonse wa khungu angathe kuichita. Koma asidi wake amabwera m'mphamvu zosiyanasiyana, wina mpaka 30 peresenti, pamene mafuta ogula kukadzola kunyumba nthawi zambiri sapyola 10 peresenti. Ulendo woyamba pemphani asidi wofooka kwambiri ndi kayamwidwe kochepa. Ngati khungu lanu limachita ziwengo msanga, apake kaye pang'ono kuseri kwa khutu, mudikire masiku awiri.

Kiliniki yabwino imadziwika ndi mafunso ake. Musanagone pabedi ayenera kukufunsani za mankhwala amene mukumwa, amene mukudzola, ziwengo zanu, ndiponso ngati muli oyembekezera. Akangokulandirani n'kuyatsa makina osafunsa kanthu, dzukani muzipita. Nanunso musabise. Amene akumwa isotretinoin, mankhwala amphamvu a ziphuphu odziwikanso kuti Roaccutane, khungu lawo limauma ndipo silichedwa kusupuka, moti makiliniki ambiri amadikira miyezi isanu ndi umodzi chisiyireni kumwa, pokhapokha dokotala amene anawalembera atanena zina. Odzola tretinoin, adapalene kapena retinol, omwe ndi mankhwala odzola a ziphuphu ndi makwinya, asiye kwa masiku angapo, ena amati mpaka sabata. Doxycycline, yemwe amaperekedwanso pa ziphuphu, amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa, ndiye mutchuleni. Salicylic acid ndi wachibale wa aspirin, choncho amene thupi lawo limadana ndi aspirin anene. Mankhwala ena amakhala ndi glucosamine, yemwe kawirikawiri amapangidwa kuchokera ku zigoba za nkhanu, ndipo amene nkhanu zimawatulutsa ziwengo ayenera kufunsa zomwe zili m'botolo lililonse. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa afunse kaye dokotala wawo, chifukwa mankhwala ena opala amapewedwa panthawiyi. Amene anabayitsa Botox (jakisoni wochepetsa makwinya) kapena mankhwala odzaza masaya ndi milomo adikire masabata awiri.

Ena angodikira kuti khungu lipole kaye: amene ali ndi timatuza ta pamilomo, chilonda chosapola, matenda a khungu a eczema kapena rosacea omwe abuka, nkhope yopsa ndi dzuwa, kapena ziphuphu zikuluzikulu zamafinya. Kuyendetsa makina oyamwa pa timatuza ndi pa mafinya ndiko kufesa matendawo nkhope yonse. Odwala shuga amene zilonda zawo zimachedwa kupola, ndi omwe chitetezo cha m'thupi chatsika, ayambire kwa dokotala. Musamete kapena kuzula tsitsi la pankhope tsiku lomwelo ngakhale dzulo lake.

Chimene anthu amabisa kwambiri ndi mafuta oyeretsa khungu. Manyazi ndi omveka, koma apa akhoza kukupwetekani. Mafuta ambiri oterewa amakhala ndi mankhwala a steroid amphamvu monga clobetasol ndi betamethasone, ena hydroquinone, ena mercury, ndipo nthawi zambiri sizilembedwa pabotolo. Steroid akadzoledwa kwa miyezi amapyapyaza khungu mpaka timitsempha ta magazi kumaonekera, ndipo amafooketsa mphamvu yake yopola ndi yolimbana ndi majeremusi. Khungu loterolo denga lake linatha kale. Kulipalanso ndi asidi kumatha kulisupula, kulisiya ndi mikwingwirima kapena mawanga oipa kuposa oyamba aja. Ndipo musangosiya mafutawo mwadzidzidzi usiku umodzi kuti mawa mukatsukidwe, chifukwa nkhope yozolowera steroid imabuka zotupa ndi kuyabwa ikangomanidwa. Njira yake ndi kupita kwa dokotala wa khungu, akuthandizeni kusiya pang'onopang'ono, za makina zidzabwere khungu litabwerera mwakale.

Za ukhondo sizifuna manyazi. Kansonga kokhudza nkhope kaja n'kogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya. Katsegulidwe m'pepala lake inu mukuona. Wogwira ntchitoyo asambe m'manja ndi kuvala magolovesi atsopano, mabotolo a mankhwala akhale ndi dzina komanso tsiku lotha ntchito, ndipo mapaipi a makinawo azitsukidwa munthu wina asanagone. Mankhwala ongothiridwa m'botolo lopanda dzina muwakane, chifukwa palibe angakuuzeni mphamvu ya asidi ali mmenemo. Chenjerani koposa akayamba kukunyengererani zowonjezera zobaya. Chithandizo tikunenachi sichiboola khungu, koma malo ambiri amachigulitsira pamodzi ndi tisingano tobaya nkhope kapena kubayidwa madzi a m'magazi anu omwe. Mu Epulo 2024 bungwe la CDC, loona za kapewedwe ka matenda ku America, linalengeza kuti amayi atatu anatenga kachilombo ka HIV atachitidwa chithandizo cha tisingano ndi magazi pamalo ena opanda chiphaso m'chigawo cha New Mexico, omwe anatsekedwa mu 2018. Kumeneko anapeza machubu a magazi opanda mayina ndi zipangizo zogwiritsidwanso ntchito. Paliponse pamene pakubwera singano, funsani chiphaso cha malowo ndi maphunziro a wobayayo. Safunsa anadya phula.

Mukatuluka, ntchito yotsala ndi yanu, ndipo mdani wamkulu ndi dzuwa. Mu 2005 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linalangiza kuti mafuta okhala ndi asidi a gulu la glycolic acid azilembedwa chenjezo lakuti khungu limapsa msanga ndi dzuwa panthawi yodzola komanso kwa sabata yathunthu mutasiya. Dzolani mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa (nambala yolembedwa pabotolo yosonyeza mphamvu ya chitetezo chake), mubwereze maola awiri aliwonse ngati muli panja, ndipo chipewa chisasiyidwe. Khungu lakuda nalo limafuna chitetezochi, chifukwa dzuwa ndilo limadetsa mawanga aja ndi kuwakhalitsa. Tsiku loyamba pewani zodzoladzola zokometsera, madzi otentha kwambiri ndi masewera otulutsa thukuta lambiri. Kwa masiku atatu mpaka asanu musakhule nkhope, musadzole retinol kapena asidi wina aliyense. Sopo wofatsa ndi mafuta opanda fungo n'zokwanira. Tizikhungu tofunduka musatitong'ole ndi zikhadabo.

Pitani kuchipatala ngati kutupa kapena kuwawa kukukula m'malo mochepa patatha masiku awiri, ngati patuluka matuza, mafinya kapena nkhanambo zachikasu, kapenanso thupi likatentha. Milomo, lilime kapena zikope zikayamba kutupa, kapena mukayamba kubanika, musadikire kuti kuche. Zimenezo ndi ziwengo zoopsa zomwe zingathe kutseka njira ya mpweya m'mphindi zochepa. Tengani mayina a mankhwala onse amene anakupakani, dokotala adzawafuna.

Khungu la munthu wamkulu limatenga pafupifupi masabata anayi kuti maselo atsopano akwere kuchokera pansi n'kufika pamwamba, ndipo zaka zikamachuluka nthawiyi imatalika. N'chifukwa chake kamodzi pamwezi ndiye malire, ngakhale atakutsitsirani mtengo kuti muzibwera sabata iliyonse. Mukaona kuti nkhope ikuwala ngati pulasitiki, ikuyabwa, ndipo madzi wamba akukulumani posamba, denga lija latha. Lekani zonse zopala, mudzole mafuta ofewetsa okha, ndipo musabwererenso pamakinapo mpaka patadutsa masabata angapo madzi osakulumaninso.