Musanagule chovala chomwe mwaona pa TikTok

Inu amene mumathamangira masitayilo a pa TikTok, mwezi uno mathalauza a cargo mwezi wamawa zina, tayesani izi. Chikakusangalatsani osagula pompo, tengani screenshot mudikire sabata imodzi, zambiri mupeza mwaziiwala kale. Chikakhala chikadali m'mutu tsegulani sutikesi muone ngati chikugwirizana ndi zovala zitatu zomwe muli nazo, apo ayi chisiyeni. Pa kaunjika tembenuzani muone msoko ndi kalebulo, za Shein (kampani yogulitsa zovala zotchipa pa intaneti) zambiri ndi polyester wopyapyala, kuchapa kangapo basi zatha, ndipo mukataya siziwola zimangotseka ngalande nthawi ya mvula. Jinzi yakale pitani nayo kwa atelala akaichepetse kapena kuidula, mtengo wake sufika wa yatsopano.