Musanatumize patch ku zipangizo zakutali

Ngati mwakonza pulogalamu yomwe ili kale binary (fayilo yomwe makina amaiyendetsa mwachindunji), musavutike kutumiza fayilo yonse pa netiweki yofooka. Gwiritsani ntchito pulogalamu ya bsdiff, yomwe Colin Percival anatulutsa mu 2003. Imangotenga pomwe pasintha n'kuika m'kafayilo kakang'ono kotchedwa patch, kenako pulogalamu inzake ya bspatch imakamata kusinthako kuchipangizo komweko.

Koma samalani apa: bspatch siifunsa ngati fayilo yakaleyo ndi yomwe munapangira patch. Ikakhala ina, imatha kungotulutsa zinyalala mwakachetechete. Ndiye chipangizocho chiyambe chaona ngati SHA-256 (nambala yomwe ili ngati chidindo cha fayilo) ya fayilo yakale ili yolondola, chionenso ya yatsopano chisanaiyatse. Mukasintha ngakhale byte imodzi (kachidutswa kakang'ono ka deta), siginecha yakale ya digito yotsimikizira kuti fayiloyo yachokera kwa inu yatha ntchito, sainaninso.

Fayilo yakale musathamangire kuifufuta. Magetsi akathima kulemba kusanathe, chipangizocho chidzadzukira pati? Ine ndimayamba ndayesa pa chimodzi chili patebulo panga, n'kuchizula dala kumagetsi chili mkati molemba.